Kumeneko n'kugwiritsa munthu mwala, musamati "mwakhumudwa"

Bambo wina analonjeza mng'ono wanga ntchito, n'kumuuza kuti abwere Lolemba ndi makalata ake. Mwana anauza mayi, anauza anzake, anasita zovala usiku, m'mawa ulendo. Anakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, foni ya bamboyo ili yothimitsa. Madzulo uthenga pa WhatsApp: pepani ngati mwakhumudwa.

Ngati mwakhumudwa? Bambo inu, mwanayu simunangomukhumudwitsa ayi, mwamugwiritsa mwala! Ndapsa mtima kwabasi, chifukwa mawu oyenera tili nawo koma anthu akuwathawa dala. Kukhumudwa n'kupunthwa, ngakhale m'Baibulo mawuwa amanena za munthu amene phazi lake lagunda pamwala. Wopunthwa amadzuka, n'kusasa fumbi, n'kumapita, mwinanso palibe wamuona. Wogwiritsidwa mwala anatambasula manja anthu akuona, akudikira chimene munamulonjeza, inu n'kumuikamo mwala. Pamenepo pali zopweteka ziwiri, chinthu wachiphonya, manyazi amugwiranso. Abwerera bwanji kunyumba? Amene anawauza aja awayang'ana ndi nkhope yanji? Mwana analowa m'nyumba nkhope ili yakugwa, nsapato zili m'manja, mayi akumufunsa kuti zayenda bwanji iye osayankha. Inu mukuti chimenecho n'kukhumudwa?

Akuluakulu anafika pochitcha kugwiritsa fuwa lamoto. Fuwa lochoka kumene pamoto, munthu n'kuligwira ndi manja! Ankadziwa kuti zimawotcha. Ndiye wina asabwere ndi mawu ofewa ngati nkhaniyi ndi yaing'ono. Mwina ntchitoyo anapatsa wachibale, mwina kunalibe ntchito n'komwe, zimenezo ndi zake. Chimene ndikukana ine n'kuchepetsa manyazi a munthu. Mukati "mwakhumudwa" mukukankhira vuto kwa wolakwiridwa, ngati iyeyo ndiye ali ndi mtima wosachedwa kudandaula. Mukati "ndakugwiritsani mwala" mwavomera kuti mwalawo unachoka m'manja mwanu. N'chifukwa chake simufuna kuwatchula mawuwa. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, musamalonjeze ana a eni zinthu zimene mulibe.

Ndiponso khalidwe lothimitsa foni ili linayamba liti? Munthu wamkulu ndithu, wa ndevu zake, kuthawa foni ya mwana amene wamuitana yekha! Kulephera kumuuza m'mawa kuti mwanawe usavutike, zakanika. Masekondi angati amenewo?