Flare gun si mfuti yolondera nyumba, tamvani

Dzulo usiku kuno ku Chinamwali tinatsala pang'ono kugona panja chifukwa cha kachidole ka alamu anga. Abwera kuchokera ku Cape Town ndi kamfuti kapulasitiki, akuti flare gun, ati kothamangitsira akuba pa okala pawo. Ndiye atalawako pang'ono akuti tiyese muone. Kungowomba, chimoto chofiira chija chinagunda nthambi ya mango n'kugwera pampanda waudzu wa aneba, mu October muno udzu uli gwaa. Tinazimitsa ndi madzi a m'zigubu, madzi oti tinatunga movutika. Mpaka pano mtima ukadali m'mwamba.

Anthuni, chinthu chimenechi si mfuti yomenyera nkhondo. Anachipangira anthu a pamadzi, boti likafa injini kapena likamamira umaloza kumwamba, moto wofiira n'kukwera kuti akutali aone kuti uku kuli anthu akufa. Ntchito yake ndi yoitana anthu basi. Kuitana! Osati kulasa munthu.

Chimalowa kachipolopolo kamodzi. Ukawomba uyambe wachithyola pakati, uchotse chakupsacho, ulowetse china, mumdima, manja akunjenjemera, ndiye akuba a kuno amabwera m'modzi ngati? Amabwera anayi asanu ndi zikwanje, ukamafufuza kachiwiri m'thumba iwo akutema kale. Komanso sichilunjika, chimapita kumene chafuna, chikagunda khoma chimanjanja n'kubwerera kwa iwe mwini. Ndipo moto wake si wamachesi ayi, muli mankhwala oyaka kwambiri otchedwa magnesium, umayaka ngakhale kukugwa mvula. Tsono uwombe m'chipinda muli matilesi, makatani, neti ya udzudzu, ana ali mtulo. Wakuba athawa ndithu, koma nyumba wayatsa wekha. Chitetezo chake chiti pamenepa?

Alamu akuti koma chimaopsa, chimaoneka ngati mfuti yeniyeni. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wina ali ndi mfuti yeniyeniyo akakuona waloza chimenecho sakufunsa kuti ndi chapulasitiki kapena ayi. Ndiye pali ena anzeru zopitirira amafuna kuikamo chipolopolo cha mfuti ya alenje poti kukula kwake n'kofanana, pulasitikiyo kuphulika kwake zala zimatsala pansi.

Inde umbava wachuluka, ndalama yavuta, tikudziwa. Koma olo wenzulo ya mpira ndi tochi zikuposa chidole chimenechi, wenzulo siyatsa nyumba ya munthu. Ngati alamuwo chikuwavuta kutaya akapatse a maboti a pa Kachulu opita ku Chisi, kumeneko ndiye kwawo kwa chinthuchi, pa Chilwa.

Ndipo inu a m'dera muno amene mumatolera ndalama ya alonda mwezi ndi mwezi, dzulo moto wofiira kuwala mudzi wonse, azimayi kukuwa, agalu kuuwa, mlonda wanu olo m'modzi osatulukira. Pa 30 mubwerenso ndi kakope kanu kaja muone.