Inu a zala zopepuka, foni yanu idzamangitsa mnzanu

Ana anga, nkhani iyi ndaiyankhula kangapo pakhonde, lero ndailemba kuti amene sanandimve awerenge. Pamera khalidwe pakati panu lojambula uthenga wa mnzanu wokhudza ndale n'kuumwaza pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, dzina ndi nambala yake zili pambalambanda. Khalidwe limeneli ndi loipa. Sindikukutsekani pakamwa, ayi. Ine ndinakula m'masiku amene munthu ankayamba wacheuka asanatchule dzina la Kamuzu, ndipo masiku amenewo sindiwafunanso. Chimene ndikudzudzula ndi kusasamala kwanu.

Mwezi watha mdzukulu wanga anabwera akumwetulira, foni ili m'manja. "Agogo, taonani zimene ndaponya, anthu akuzikonda." Chinali chithunzi cha uthenga umene mnzake, namwino pa chipatala china, anamulembera mwamseri kudandaula kuti mankhwala akusowa m'mawodi pomwe makatoni akutuluka usiku. Nkhaniyo inali yoyenera kumveka, sindikukana. Koma pamwamba pa chithunzicho panali dzina la mtsikanayo, kankhope kake atavala yunifolomu, ndi nambala yake yonse. Ndinamufunsa kuti, "Kodi mwini wake unamupempha?" Anangoyang'ana pansi, chala chikuseweretsa galasi la foni. Pasanathe masiku atatu mtsikanayo anaitanidwa ndi mabwana ake kuti akafotokoze.

Tamverani za munthu wa ku Tanzania, Maxence Melo, mmodzi mwa amene anayambitsa JamiiForums, tsamba limene anthu amaululirapo za katangale osatchula mayina awo enieni. Apolisi anamuuza kuti apereke mayina a anthu amene analemba nkhani zina. Iye anakana. Mu Disembala 2016 anamangidwa, ndipo anayenda m'makhoti zaka zingapo mpaka mu 2020 pamene anamupeza wolakwa pa mlandu wotchinga ntchito ya apolisi ndi kumulipiritsa chindapusa. Taganizani, bambo ameneyu anagona m'chitokosi pofuna kubisa mayina a anthu amene sanawaonepo ndi maso. Inu mukupereka dzina la mnzanu wa pamtima ulere, popanda ngakhale wapolisi wokufunsani, kungoti anthu akutameni kuti mumadziwa zinthu.

Ena mumati, "Ine sindinalembe, ndangotumiza." Mawu amenewo sawombola munthu. Ku Egypt kuli Alaa Abd El-Fattah, mmodzi mwa anthu oyamba kulemba za ndale pa intaneti m'dzikolo, amene anali pakati pa achinyamata omwe anagwetsa Hosni Mubarak mu 2011. Anamangidwanso mu Seputembala 2019, ndipo mu Disembala 2021 khoti linamugamula zaka 5 pa mlandu wofalitsa nkhani zabodza. Chimene anachita ndi kutumiza uthenga wa munthu wina wonena za mkaidi amene anafera m'ndende. Mayi ake, Laila Soueif, mphunzitsi wa masamu pa yunivesite ya Cairo, ananyanyala chakudya miyezi yambiri mpaka kugonekedwa m'chipatala ku London. Mwana wawo anatuluka mu Seputembala 2025. Ndikaganiza za mayi wokalamba ameneyu akuonda tsiku ndi tsiku, mtima umandiwawa. Alaa ankadziwa chimene akuchita, ndipo mtolowo anausenza yekha ndi banja lake. Inu mumasenzetsa mnzanu mtolo umene sanausankhe.

Ndipo inu amene muli ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku Britain, ndikunena nanunso. Muli kutali, mumalemba mopsa mtima n'kumatchula azibale anu a kumudzi kuti ndiwo akuuzani, n'kumatsutsula amene ali kuno kuti ndi amantha. Pakavuta amene adzamve kugogoda pakhomo ndi iwo, inu muli mtulo. Musadziyesenso otetezeka. Salma al-Shehab, mayi wa ana awiri wa ku Saudi Arabia, ankaphunzira pa yunivesite ya Leeds. Atapita kwawo kutchuthi mu 2021 anagwidwa, ndipo mu 2022 khoti linamugamula zaka 34 chifukwa cha zimene ankalemba ndi kutumiza pa Twitter pothandizira omenyera ufulu wa amayi. Chilangocho anachichepetsa pambuyo pake, koma zaka zimene ana ake anakhala opanda mayi palibe adzawabwezere.

Kuno kwathu gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko limatipatsa ufulu wolankhula, ndipo tiuyamikire. Koma kumbukirani kuti kulinso lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo anthu amangidwapo kale ndi lamulo limeneli chifukwa cha zolemba za pa foni. Kumbukiraninso kuti simukhadi iliyonse inalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika. Nambala imene mwaisiya ikuoneka pa chithunzi chija ndi dzina la munthu, mudzi wake ndi mfumu yake.

Pali china chimene chimandinyansa: kumwaza mabodza. Wina akangoti nduna yakuti yamwalira, kapena asilikali atuluka, inu thamangu kutumiza m'magulu khumi osafunsa kuti wanena ndani. Safunsa anadya phula. Bodza lililonse lotere limapatsa olamulira chonamizira chotsekera pakamwa aliyense, ngakhale wonena zoona. Ku Uganda mu 2018 boma linaika msonkho wa mashilingi 200 patsiku kwa ogwiritsa ntchito masamba a mchezo, Pulezidenti Yoweri Museveni akuti anthu achuluka miseche. Chaka chomwecho ku Tanzania anakhazikitsa lamulo loti wolemba pa intaneti alembetse ndi kulipira ndalama zoposa mashilingi 2 miliyoni, ndipo olemba ang'onoang'ono ambiri anangotseka masamba awo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Choncho mukalandira uthenga wa mnzanu woulula zoipa, mufunseni kaye ngati akulola kuti utuluke. Akalola, lembaninso nkhaniyo ndi mawu anuanu. Dulani dzina, nkhope, nambala, ngakhale nthawi imene uthengawo unatumizidwa, chifukwa pa ofesi amadziwa amene anali pa ntchito usiku umenewo. Inu oyang'anira magulu a WhatsApp, dziwani anthu amene mukuwalowetsa. Gulu la anthu 200 si chipinda chogona. Ndipo ngati nkhaniyo ndi yaikulu, ipititseni kwa mtolankhani wodziwa ntchito yake, amene anaphunzira kuteteza womutsina khutu.

Mdzukulu wanga anafufuta chithunzi chija madzulo a tsiku lomwelo, ine nditaima pambali pake. Koma chinali chitafika kale m'magulu ena amene iye sali nawo, ndipo chikuyendabe. Dzulo anandiuza kuti waimba kasanu, mtsikana uja sakuyankha foni.