Anyamata inu, magemu anu omwe mukuwapempha chilolezo?

Ndatopa nanu ndithu. Dzulo mwana wa mlongo wanga, munthu wandevu zake, wakhala usiku wonse akutukwana PS5, makina ake osewerera magemu, ngati yamulakwira. Intaneti inadula, iye n'kumadina gemu iyi, gemu iyo, paliponse kaloko kali pa chithunzi, palibe ikutseguka. Magemu ogula ndi ndalama zake! Ndikumufunsa, akuti amalume, Console Sharing ija ndinapatsa mnzanga. Mnzako uti? Wina wake amene anadziwana naye akusewera mpira pa intaneti, nkhope yake sanaionepo n'komwe.

Ndiye mwati nzeru zimenezi? Console Sharing ya pa akaunti yanu imalola PS5 imodzi yokha kusewera magemu anu popanda intaneti, imodzi basi, inu n'kuipereka kwa mlendo. Iye akusewera mwamtendere ngakhale netiweki itagwa, inu eni ake makina anu azikagogoda kaye ku seva kuti atsimikize laisensi, seva ikapanda kuyankha mwagwira controller yozizira m'manja. Lendi m'nyumba yomanga nokha!

Ndipo musandiuze zoti intaneti yanga ndi yamphamvu. Mu February 2025 PSN, netiweki ya PlayStation, inagwa pafupifupi tsiku lathunthu, mu 2011 inazima masiku 23, intaneti yanu yothamangayo ikanakuthandizani chani? Mu 2013 anthu anakuwa mpaka Microsoft inabweza maganizo ake oti Xbox One izilumikizana ndi intaneti pa maola 24 aliwonse, anakana unyolo umenewo, lero inu mukuuvala nokha m'khosi chifukwa chofuna kusangalatsa munthu amene simudziwa ngakhale dzina lake lenileni.

A Xbox musaseke, home Xbox, yomwe ili ngati Console Sharing ya pa Xbox, imasinthidwa kasanu kokha pa chaka, inu mukuisuntha ngati mpando, lero kwa msuweni mawa kwa chibwenzi, ikadzakana mudzalirira ndani? A Switch zinali chimodzimodzi mpaka 2025, makina amene sanali primary, kutanthauza makina aakulu a akaunti yanu, ankafuna intaneti kuti gemu iyake, mukakwera ndege kapena kupita kopanda netiweki munkangoyang'ana sikirini.

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri ndi password. Mwana wa mlongo wanga uja anamutumizira mnzakeyo pa meseji, imelo ndi password zonse, khadi ya banki ili momwemo. Mnzakeyo akagulitsa makinawo akaunti ipita ndi ndani? Akasintha password? Akatukwana anthu pa intaneti akaunti n'kutsekedwa, magemu a zaka zonsezi apita, mukadandaula kuti, poti malamulo munavomera osawerenga aja amaletsa kupatsa ena password? Mnyamatayu anathamangira pa webusaiti kuti achotse makina onse pa akaunti, n'kupeza kuti zimenezo zimatheka kamodzi pa miyezi 6, ndipo anachita kale mwezi watha atayambana ndi mnzake wina. Winanso! Ndinangogwira pakamwa.

Bwezani primary pa makina anu, sinthani password, yatsani 2-step verification, ija yofunsa kodi yapadera kuwonjezera pa password, lero lomwe. Wina akabweranso kwa ine ndi nkhani ya kaloko, sindimuyankha.