Tembenuzani katoniyo, nkhani ili kumbuyo

Amayi ndi abambo anzanga, lero tikambeko za ma cornflakes, Cerelac ndi maphala a m'mapaketi omwe adzaza m'masitolomu. Ena mundikwiyira, ndikudziwa, chifukwa masiku ano katoni yokhala ndi chithunzi cha kambuku kapena cha khanda lonenepa lomwetulira yasanduka umboni wakuti pakhomo zikuyenda. Mwana akadya za m'katoni m'mawa timati wadya zapamwamba. Akamwa phala la mgaiwa lothira nsinjiro timamumvera chisoni ngati makolo ake agwa mphwayi. Maganizo anga ndi akuti katoniyi tikuipatsa ulemu womwe sinaugwirire ntchito, ndipo ambirife timaiponya m'basiketi titangoona kutsogolo kokha, kumene kampani imalemba zoti itikope. Zimene lamulo limaikakamiza kuulula zimakhala kumbuyo kapena m'mbali, m'tizilembo toti uchite kutsinzinira diso limodzi.

Mu April 2024, bungwe la ku Switzerland lotchedwa Public Eye, pamodzi ndi la IBFAN lomwe limalimbikitsa kuyamwitsa, linatolera zakudya za makanda za kampani ya Nestlé m'mayiko osiyanasiyana n'kukaziyezetsa. Zimene anapeza n'zopweteka mtima. Cerelac wa tirigu wa mwana wa miyezi 6 wogulitsidwa ku Germany ndi ku Britain analibe shuga wothiramo. Cerelac yemweyo ku Ethiopia anali ndi magalamu oposa 5 pa mbale imodzi ya mwana, ku Thailand magalamu 6. Ku Philippines anapezako wina wa magalamu 7.3. Ku South Africa, komwe katundu wambiri wa m'masitolo athu amachokera, mitundu yonse ya Cerelac imene anayeza inali ndi magalamu 4 kapena kuposerapo. Kuti mumvetse, magalamu 4 ndiye supuni imodzi yaing'ono ya tiyi. Kampani imodzi, dzina limodzi pakatoni, koma khanda la ku London likudya lopanda shuga pomwe la ku Johannesburg alithirira kale supuni kufakitale, mayi ake asanagwire n'komwe chitini cha shuga.

Kampaniyo inayankha kuti imatsatira malamulo a dziko lililonse komwe imagulitsa katundu wake. Ine pamenepo sindikuitsutsa, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imandiwawa kwambiri. Tanthauzo lake n'lakuti mwana wanu amadya zimene lamulo la dziko lanu lalola, osati zabwino zimene kampaniyo imadziwa kupanga. Kumene makolo amalongolola ndipo boma limalondalonda, shuga amachotsedwa. Kumene timangoti bola mwana akudya, shuga amatsala, chifukwa chotsekemera chimayenda malonda.

Wina anena kuti supuni imodzi n'chiyani. Pa munthu wamkulu si kanthu. Koma akatswiri a zaumoyo, kuphatikizapo a bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO, amalangiza kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamapatsidwe zakudya zothira shuga, ndipo vuto si kunenepa kokha kapena mano obooka. Lilime la khanda limaphunzira. Aliyense amene analerapo mwana akudziwa zimene zimachitika ukamupatsa phala losatsekemera atazolowera lotsekemera: amakaniza milomo, mutu n'kutembenuzira kumbali, ukakakamiza supuni amalavulira pachifuwa pako. Pamenepo agogo ake amafuula ali pakhonde, "Thiranimo kashuga, mwanayo asagone ndi njala!" Basi mwagonja. Pofika zaka zinayi akukana ndiwo zamasamba, akukana mbatata, akufuna zamadzimadzi za m'botolo. Ndipo tisanamizire makampani okha, ifenso dzanja lathu pa shuga n'lolemera. Ena amadzitchinjiriza kuti shuga wa kuno amathiramo vitamini A. N'zoona amathiramo, koma anachita zimenezo chifukwa anaona kuti shuga amalowa pafupifupi m'nyumba iliyonse, osati kuti shuga wasanduka mankhwala a mwana. Vitamini A yemweyo ali m'papaya, m'mango, m'maungu ndi m'mbatata yofiira mkati.

Za ana okulirapo, a ma cornflakes ndi timipira ta chokoleti tija, njira yowerengera ndi yosavuta. Mndandanda wa zosakaniza umayamba ndi chimene chachuluka n'kumatsika. Mukaona shuga ali pa nambala yachiwiri, dziwani kuti mwagula ufa ndi shuga. Amabisalanso m'mayina ena monga sucrose, glucose syrup, malt extract ngakhale uchi, kuti asaoneke wochuluka pamalo amodzi. Kenako yang'anani pamzere wa magalamu 100, osati wa mbale imodzi. Ku Britain muyeso wawo umati chakudya chokhala ndi shuga woposa magalamu 22.5 pa magalamu 100 aliwonse ndi cha shuga wambiri, ndipo chosapitirira magalamu 5 ndiye cha shuga wochepa. Ambiri mwa makatoni a zithunzi za tinyama toseka amadutsa mzere wa 22.5 uja, ena amapitirira 30. Gawo limodzi mwa magawo atatu a katoni, shuga yekhayekha.

Mzere wa mbale imodzi ndikuukana chifukwa mbale yawoyo nthawi zambiri ndi ya magalamu 30. Tsiku lina mudzayeze pa sikelo ya kukhitchini mudzaone. Timagalamu 30 timangophimba pansi pa bakuli. Palibe mwana wa sitandade 4 amene amadzithirira yekha n'kulekera pamenepo. Amathira kawiri kapena katatu kuposa apo, ndipo ena amawonjezeranso shuga pamwamba. Ikamakwana 10 koloko ali m'kalasi, njala yamugwira kale, pomwe mnzake amene wadya mbatata ndi chiponde akadali bwinobwino.

Tsopano za utoto, popeza ndi zimene zikuyenda kwambiri pa WhatsApp, mavidiyo ochokera ku America oopseza kuti ana akudyetsedwa poizoni. Nkhaniyo ili ndi mutu wake. Froot Loops (chakudya cha m'mawa cha ana cha m'katoni) wa ku America amamukongoletsa ndi utoto wopanga monga Red 40, Yellow 5, Yellow 6 ndi Blue 1, pomwe wa ku Canada amagwiritsa ntchito madzi a karoti, mavwende ndi zipatso zina. Kampani ya Kellogg, yomwe imapanga Froot Loops, inalonjeza mu 2015 kuti ichotsa utoto wotere pofika 2018, koma sinakwaniritse, mpaka mu October 2024 makolo anakachita zionetsero ku likulu lake ku Battle Creek, m'boma la Michigan. Kafukufuku wa pa yunivesite ya Southampton ku Britain mu 2007 anaonetsa kuti utoto wina umachititsa ana ena kujijirika ndi kulephera kukhazikika, ndipo kuyambira 2010 mayiko a European Union amafuna chenjezo pa chakudya chokhala ndi mitundu isanu ndi umodzi ya utotowu, kuphatikizapo tartrazine, amene pamapaketi ena amalembedwa E102, ndi allura red, E129. Mu January 2025 America inaletsa utoto wa Red No. 3 m'zakudya.

Ine ndimati utoto wosapatsa thanzi lililonse ulibe chochita m'mbale ya mwana, ndipo ngati pali katoni ina yopanda utoto tengani imeneyo. Koma tisapanikizike mtima ndi za ku Michigan n'kuiwala zapakhomo. Mabanja angati kuno amagula Froot Loops? Utoto umene ana athu amadyadi uli m'timapaketi totafuna ta pageti pa sukulu tija tosiya zala zachikasu, ndi m'mafilizesi osiya lilime lofiira mpaka madzulo. Mayi yemwe watumiza vidiyo ija ndi yemweyo wapatsa mwana ndalama yogulira timeneto.

Chimene ine chimandiopsa kuposa utoto, kuposanso shuga, ndi chuku. Apa ndiye amene mwakhala mukuwomba m'manja kuti phala lapakhomo ndiye lokhalo labwino mumvetsere. Chimanga ndi mtedza zikapanda kuuma bwino kapena zikasungidwa pachinyezi, zimamera nkhungu yotulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu safa ndi moto. Muphike phala libwate mpaka kulilima, iye ali momwemo. Akachuluka amapha msanga: ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chotere. Ku Zambia mu August 2024 boma linachenjeza anthu za ufa wa makampani ena, pambuyo pakuti agalu pafupifupi 400 afa ndipo kuyeza kwapeza aflatoxin wochuluka mu ufa wina wogulitsidwa m'masitolo. Umenewo unali ufa wa m'mapaketi osindikizidwa bwino, osati wa pamsika. Akamalowa pang'onopang'ono amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, ndipo ofufuza amamugwirizanitsanso ndi kupinimbira kwa ana, vuto limene kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza mwa ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno.

Taonani mmene timachitira ndi mtedza. Wabwino, wodzaza, timausankhira wogula chifukwa amayang'anitsitsa. Wonyala, wosweka, wakuda m'mphepete, wowawa ukautafuna, ndiye timati usatayike, tisinje nsinjiro. Nsinjiro zimenezo n'zimene zikulowa m'phala la khanda la miyezi 7. Ena amawaza madzi pa mtedza kuti usavute kusenda kapena ulemere pa sikelo, n'kuuika m'thumba usanaumenso. Mukagula nsinjiro zosinjasinja kale m'kapulasitiki pamsika, simungadziwe mtedza umene unalowamo. Chimodzimodzi chimanga chofumbwa ndi chowola chija timati chikagayidwa sichioneka. Ngati mukupangira mwana phala pakhomo, gulani mtedza wathunthu, muuyale m'lichero, mutole woipa wonse n'kutaya, osapatsa nkhuku, chifukwa poizoniyo amatha kufika m'mazira ndi m'chiwindi cha nkhukuyo. Kutayako kumawawa, koma ndi mtedza wa m'manja umodzi.

Fakitale yopanga phala la chimanga ndi soya nayonso imagula mbewu kwa alimi omwewa, m'nyengo yomweyi, ndiye paketi yokongola payokha si chitetezo. Chitetezo ndi kuyeza. N'chifukwa chake chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards pa katundu wopangidwa kuno ndimachifufuza ndisanayang'ane n'komwe mtengo. Ndipo ndikanakonda bungweli likanamatiuza poyera, pawailesi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, kuti layeza maphala a ana akutiakuti ndipo lapeza zakuti, tisamachite kumva katundu atachotsedwa kale m'mashelefu.

Zimene sindingagule ngakhale zitatchipa bwanji ndi zija amazikhuthula m'chithumba chachikulu n'kuzipakira m'timapulasitiki topanda dzina, topanda tsiku lopangira kapena lothera ntchito. Mwana akadwala mukafunsa ndani? Chimodzimodzi makatoni otsitsidwa mtengo amene pamalo a deti pamatidwa pepala la mtengo, kapena deti lafufutika mokayikitsa.

Sindikunena kuti zonse za m'paketi ndi zoipa. Mayi wodzuka 5 koloko kuthamangira minibasi alibe nthawi yokoleza mbaula tsiku lililonse, ndipo sitiyenera kumuweruza. Maphala ambiri a m'mapaketi amathiramo ayironi, chinthu chimene phala la ufa woyera lamadzimadzi lilibe, pomwe kuchepa kwa magazi kumavutitsa ana ambiri kuno. Likuni Phala, lomwe linayambira ku chipatala cha mishoni ku Likuni, ndi la chimanga ndi soya, ndipo ndi limene bungwe la Mary's Meals lakhala likudyetsa ana a sukulu chiyambire ntchito yake m'Malawi mu 2002. Oats wamba wopanda zothirathira nayenso alibe mlandu. Kwanu n'kusankha paketi ya zosakaniza zochepa, shuga wake ali kutali pamndandanda kapena mulibiretu, n'kutsekemeretsa ndi nthochi yokanya. Dzira, mkaka, ufa wa usipa kapena bonya, masamba osinja, zonsezi amatiphunzitsa kusikelo akamanena za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, kungoti timaziona ngati za anthu osauka.

Boma nalonso lili ndi pogwira. Dziko la Chile mu 2016 linalamula kuti chakudya cha shuga, mchere kapena mafuta ambiri chizikhala ndi chidindo chakuda kutsogolo kwa paketi, ndipo linaletsa zithunzi za tinyama tokopa ana pa zakudya zotere, moti kambuku uja anachotsedwa pa katoni. Chidindo choterocho ngakhale agogo osadziwa Chingerezi angachione ali patali. Kuno tikusiyira mayi wa ku Ntchisi kuti adzimasulire yekha tebulo la manambala lolembedwa m'Chingerezi, mwinanso m'Chipwitikizi kapena m'Chiarabu malinga ndi kumene katunduyo wadzera.

Inu amene muli ku Johannesburg, ku Lusaka, ku Tete, ku Harare ndi ku Britain, ndikupempheni kanthu kamodzi. Jambulani kumbuyo kwa katoni imene ana anu akudya, pamndandanda wa zosakaniza ndi pamzere wa shuga pa magalamu 100, munditumizire. Ife a kuno tijambulanso zathu za dzina lomwelo, tiziike pamodzi tione ngati ana athu akudya chinthu chimodzi.