Mayankho olakwika m'mabuku okonzekera mayeso a DAT akupweteka ophunzira

Aliyense wofuna kulowa sukulu ya udokotala wa mano ku United States amayenera kulemba mayeso a DAT (Dental Admission Test), amene amayendetsedwa ndi bungwe la American Dental Association. Ine ndili ndi dandaulo lalikulu pa mabuku ndi mapulogalamu a pa intaneti amene amagulitsidwa kuti akonzekeretse ophunzira, makamaka pa gawo la kemisitiri yoyambira, chifukwa zolakwika zimene zimapezeka mmenemo zimawononga kwambiri kuposa mmene ogulitsawo amavomerezera.

Tiyeni tione kaye mmene mayesowo alili. Chigawo cha sayansi chili ndi mafunso 100 oyenera kuyankhidwa m'mphindi 90, ndipo mwa mafunsowo 40 ndi a biology, 30 ndi a general chemistry (kemisitiri yoyambira ija), pamene 30 otsalawo ndi a organic chemistry. Funso lililonse silikwana ndi mphindi imodzi yomwe, komanso m'chigawochi saloleza kakyuleta. Munthu amene ali m'chipinda cha mayeso alibe mpata woyamba kulingalira chilichonse kuchokera pa chiyambi, koma amangodalira zimene anazolowera poyeserera miyezi yambiri. Ngati zimene anazolowerazo zinali zokhota, adzayankha mokhota ndiponso molimba mtima, osakayika n'komwe.

Ndinaonapo m'buku lina funso lofunsa pH (muyezo wa mphamvu ya asidi, pamene pansi pa 7 ndi asidi ndipo pamwamba pa 7 ndi base) ya asidi wa HCl wosungunulidwa mpaka kufika pa 10⁻⁸ M (M ndi muyezo wa kuchuluka kwa mankhwala pa lita imodzi), ndipo yankho limene linalembedwa kumapeto kwa bukulo linali 8. Wolembayo anangotenga nambala ija n'kuiika mu fomula osaima kuti aganize. Asidi, ngakhale mutamuthira madzi ochuluka bwanji, sangadutse pa 7 n'kusanduka base, ndipo yankho loona ndi pafupifupi 6.98, popeza madzi enieniwo amaperekanso ma ion a hydrogen okwana pafupifupi 10⁻⁷ M. Tsopano taganizirani mtsikana amene wakhala patebulo usiku, wasinkhasinkha bwinobwino, wasankha yankho la pansi pang'ono pa 7, kenaka watsegula tsamba la mayankho n'kupeza kuti akuti walakwa. Iyeyu sangaganize kuti buku limene analigula ndi ndalama zambiri ndilo lasokera. Adzafufuta yankho lake lolondola, adzaloweza lolakwika, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti adzayamba kukayikira nzeru zake zomwe. Apa ndi pamene mtima wanga umawawa kwambiri, chifukwa wovulala kwambiri ndi wophunzira amene anamvetsa phunzirolo, pamene woloweza chabe sazindikira n'komwe kuti pali vuto.

Zolakwika zina zimabwerezedwabwerezedwa ngati kuti olemba amakoperana. Pofotokoza kasanjidwe ka maelekitironi a Fe²⁺ (atomu ya chitsulo imene yataya maelekitironi awiri), ena amachotsa maelekitironi ku chigawo cha 3d, chonsecho oyamba kuchoka ndi a 4s, ndipo yankho ndi [Ar]3d⁶. Ena amaiwala kuti chromium ndi copper satsatira dongosolo la nthawi zonse. Pa electrochemistry (kemisitiri yokhudza magetsi), ena amachulukitsa standard reduction potential akamalinganiza maelekitironi mbali ziwiri, zomwe siziyenera kuchitika, kapena amalemba kuti anode nthawi zonse ndi negative, pamene mu electrolytic cell imakhala positive.

Palinso zina zimene si bodza lenileni koma zanenedwa mopereweza. Buku limanena kuti mole (muyezo wa kuchuluka kwa tizidutswa ta chinthu) imodzi ya mpweya imatenga malita 22.4 pa STP (muyezo wokhazikitsidwa wa kutentha ndi kupanikizika kwa mpweya), zomwe n'zoona pa 0°C ndi 1 atm, koma bungwe la akatswiri a kemisitiri a padziko lonse la IUPAC linasintha muyezowo mu 1982 n'kuika 1 bar, ndipo pamenepo nambalayo imakhala 22.7. Wolemba wosamala amanena muyezo umene akugwiritsa ntchito. N'chimodzimodzi ndi kunena kuti madzi ali ndi pH 7 osatchula kuti zimenezi ndi pa 25°C, pakuti pa kutentha kwa thupi la munthu, 37°C, madzi oyera amakhala pafupifupi pa 6.8.

Ena amati zimenezi n'zazing'ono, popeza dokotala wa mano sadzawerengera ma mole m'kamwa mwa wodwala. Ine sindigwirizana nawo. Chikuto cholimba cha dzino, chopangidwa ndi hydroxyapatite, chimayamba kusungunuka pH ya m'kamwa ikatsika kufika pafupifupi 5.5, ndipo fluoride amathandiza chifukwa amapanga fluorapatite imene imapirira asidi mpaka pafupifupi 4.5. Mankhwala ochititsa dzanzi a lidocaine ali ndi pKa (nambala yosonyeza mmene pH imawakhudzira) ya pafupifupi 7.9, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene jakisoni amakanikira kugwira bwino pa nkhama yotupa n'chakuti malo otupawo amakhala ndi asidi wambiri. Zonsezi ndi nkhani za asidi, base ndi equilibrium zomwezi zimene mabukuwa akuzisokoneza.

Kwa ogulitsa mabukuwa, pempho langa n'lakuti muzikhala ndi tsamba loonekera la zolakwika zimene zapezeka, lolembedwa ndi madeti, ndipo aliyense amene anagula azidziwitsidwa. Kukonza funso mwakachetechete pa intaneti sikuthandiza amene analiloweza mwezi watha. Wophunzira akakulemberani kuti yankho lanu silikumveka, amuyankhe munthu wodziwa kemisitiri, osati wa ku ofesi ya malonda. Kuyambira mu March 2025 zotsatira za DAT zimaperekedwa pa muyezo wa 200 mpaka 600 m'malo mwa wakale wa 1 mpaka 30, kotero buku limene likukambabe za muyezo wakale lokha likudziulula kuti silinaunikidwe posachedwapa.

Kwa inu amene mukukonzekera, kuphatikizapo ana athu amene akuphunzira ku United States, yankho la m'buku likasemphana ndi zimene mwapeza mutawerengera mosamala, musathamangire kufufuta zanu. Tsegulani buku lathunthu la kemisitiri la ku koleji, funsani mphunzitsi wanu, ndipo yerekezani mitu imene mukuwerenga ndi mndandanda umene bungwe la American Dental Association limatulutsa. Kubwereza mayesowa kumadya madola mazanamazana, ndipo ndalama zimenezo sakubwezerani amene analemba yankho lolakwikalo.