Kulowa kwa chipolopolo m'mfuti si umboni wakuti mfutiyo ichipirira

Ndikulemba izi chifukwa cha zimene ndinaona pamalo ophunzirira kuwombera, ndipo chiyambire tsikulo mtima wanga sunakhale m'malo. Mnyamata wina wamsinkhu wa mwana wanga anabwera ndi mfuti yam'manja ya revolver yogwiritsa ntchito zipolopolo za .38 Special, imene anamusiyira malemu bambo ake, yakale moti mtundu wake wakuda unali utasuluka, ndipo anatulutsa zipolopolo m'kabokosi kolembedwa +P+. Nditamufunsa ngati anafufuza kuti mfutiyo ingathe kuzipirira, anandiyankha akumwetulira kuti, "Bola zikulowa, madala." Atawombera kasanu ndi kamodzi, zigoba zinakanirira m'kati mwakuti anachita kuzigogoda kuti zituluke, ndipo chimodzi chinali chitafufuma.

Ana anga, khalidwe limeneli ndi losasamala, ndipo safunsa anadya phula. Chizindikiro cha +P chimatanthauza kuti onga wa m'chipolopolocho ukayaka, mpweya umakankha makoma a mfuti ndi mphamvu yoposa ya masiku onse, ngakhale kuti kukula kwa chipolopolocho kumakhala kofanana ndendende ndi china chilichonse cha mtunduwo. Bungwe la SAAMI la ku America, loona za miyezo ya mfuti ndi zipolopolo, lomwe linakhazikitsidwa mu 1926, linaika malire a mphamvu ya mpweyawo m'zipolopolo za 9mm wamba pa 35,000 psi (psi ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya), pamene a 9mm +P ali pa 38,500 psi. Kwa zipolopolo za .45 ACP malirewo amachoka pa 21,000 kufika pa 23,000, ndipo kwa .38 Special amachoka pa 17,000 kufika pa 20,000. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti +P+, imene imakankha mwamphamvu kuposanso +P, ilibe malire alionse amene bungweli linavomereza, choncho woiika m'mfuti sadziwa n'komwe kukula kwa moto umene akuuyatsa pafupi ndi zala zake.

Sindikunena kuti +P ndi yoipa paliponse. Mfuti zambiri zamakono zimaipirira, ndipo opanga ake amanena zimenezo momveka m'kabuku kamalangizo, ngakhale kuti imagugitsa msanga masipuling'i ndi kufooketsa thupi la mfuti, makamaka lija lopepuka la aluminiyamu. Vuto ndi mfuti zakale zimene zimayenda kuchoka kwa agogo kupita kwa mdzukulu popanda pepala lililonse. Chipolopolo cha .38 Special chinatuluka mu 1898, ndipo mfuti zina zochigwiritsa ntchito zinasulidwa kale kwambiri +P isanaganiziridwe. Kampani ya Smith & Wesson yokha imachenjeza kuti +P isaikidwe m'ma revolver ake apakatikati a K frame amene anapangidwa chisanafike chaka cha 1958, ndiponso kuti +P+ isalowe m'mfuti yawo iliyonse. Kodi inu mukudziwa bwino chitsulocho kuposa amene anachisula?

Chimene chimanyenga achinyamata n'chakuti mfuti siiphulika tsiku loyamba. Imalira bwino lero, imalira bwino mawa, ndipo mwiniwake amayamba kutama nzeru zake kwa anzake, chonsecho chitsulo chikutopa mwakachetechete ndipo kamng'alu kosaoneka ndi maso kakukula. Tsiku limene chidzagonje, zidutswa sizidzatsata chandamale, koma zidzauluka cham'mbali ndi cham'mbuyo, kumene kuli dzanja lanu, maso anu, ndi mnzanu wosalakwa amene waima pafupi. Ndikudzudzulanso iwo amene amalandira zipolopolo zodzazidwanso pamanja ndi munthu amene sakumudziwa, chifukwa chotchipa, poti onga ukangothiridwa kawiri m'chigoba chimodzi ngakhale mfuti yatsopano imang'ambika.

Werengani zimene zadindidwa pampope wa mfuti yanu, werengani kabuku kake, ndipo ngati kanatayika funsani kampani imene inaipanga kapena katswiri wovomerezeka wokonza mfuti. Mukaona zigoba zofufuma, zong'aluka, kapena zovuta kutulutsa, lekani pomwepo, ndipo musawombere konse opanda magalasi oteteza maso. Mnyamata uja ndinamuumiriza kuti atulutse zonse ndi kutseka kabokosi kake, ndipo ndinaima pambali pake mpaka mfuti ya bambo ake inalowa m'chikwama ilibe kanthu.