Tenti pamchenga: Chintheche ndi Kigamboni mmene ndinazionera

Kuno ku Mzuzu anthu akakuona ukukweza tenti mgalimoto amayamba afunsa kaye kuti kwagwanji, zovuta zili kuti. Ife nde tinazolowera zokagona mtenti kunyanja, ine, mayi a kunyumba ndi tianyamata tathu tiwiri, ndipo chaka chatha tinakayesako kwa maneba ku Tanzania.

Kwathu kuno nzosavuta aise. Umanyamuka utavala jekete, kutsetsereka mpaka Nkhata Bay makilomita osakwana 50 jekete ija wavula kale, kenako M5 kudutsa m'mitengo ya labala pa Vizara paja anyamata amagulitsa mipira pamsewu, usanatope wafika Chintheche. Tenti umakhoma pamene wafuna, madzi ali pomwe unawasiya dzulo. Kusamba momwemo, kuchapa momwemo, mbale kutsuka momwemo. Bola kufunsa eni mudzi za ng'ona kufupi ndi mathiriro a mitsinje, komanso pamabango ana asasewerepo kuopa likodzo.

Ku Tanzania tinadzera pa Songwe, Kyela, Mbeya kenako basi tsiku lathunthu mpaka Dar es Salaam, msana kuchita kuuma. Madam atamaliza zooda zawo ku Kariakoo tinakwera pantoni pa Kivukoni kuwolokera ku Kigamboni. Apa nde pamene ndinachita manyazi. Tinafika madzulo madzi ali kutaliii, mchenga wonyowa mtunda wonse, ine ndi nzeru za ku Chintheche nkuyamba kukhoma tenti chakumunsi kuti mafunde tiziwamvera pafupi. Mlonda anabwera akuseka, Chiswahili changa ndi cha pa msika wa Taifa ku Mzuzu chongofunsira mitengo koma ndinamva kuti akuti kwerani kumtunda. Ndinakwera monyinyirika. Pakati pausiku ndikutuluka ndi tochi, pamalo paja pali madzi ofika mchiuno! Nyanja yamchere imabwera nkubwerera kawiri patsiku, zimene ine ndinkangoziwerenga m'buku la jogalafe.

Madzi akenso eti sopo sachita thovu, ukasambira thupi limangomata mpaka ukadzitsire ena a pampopi, ndipo wamng'ono uja atamwako kamodzi analira ngati wamenyedwa.

Zowedza nazo nzosiyana. Ku Chintheche anyamata amakumba nyongolotsi, kutenga mbedza ndi kansungwi, kukhala pamwala nkumakola timbuna tokongola tomwe sitikwana ndi ndiwo ya mphaka yomwe. Ndiwo yeniyeni umaidikira mmamawa mabwato a chilimira akamakocheza, aja usiku umawaona nyali zili ndandanda ngati tauni yayandama pamadzi. Usipa wauwisi, utaka, ukachita mwayi batala, kuwotcha pamakala, kondowole pambali, basi. Ku Kigamboni nyongolotsi palibe, munthu wina anati nyambo tigule kamba. Madam nkuti kamba tili naye kale mchikwama, mandasi ndi mazira owiritsa, kani kwawoko kamba ndi ma prawns. Tinaponya tsiku lonse osakola kanthu, chingwe chathu chachifupi mafunde amangochibweza pamapazi. Koma madzi akaphwa ana amatola nkhono ndi kuthamangitsa nkhanu pamchenga, amayi akumeneko akuzula pweza m'maenje a miyala ndi kamtengo, chinthu cha miyendo 8 chimene madam anakana ngakhale kuchiyang'ana mumbale.

Pamene maneba anatiposa mpoti gombe amalidyerera eni ake. Lamulungu madzulo mabanja ali thithithi, agogo, makanda, wina akuwotcha chinangwa nkuwaza tsabola ndi ndimu, wina chips mayai (tchipisi chokazingira pamodzi ndi mazira), wina madzi a kokonati, ndipo palibe wokuyang'ana modabwa. Kwathu malo abwino ambiri ndi a maloji, ukatulutsa tenti ndi mbaula ena amadabwa kuti Mmalawi ndi galimoto yake akugoneranji pansi ngati wathawa madzi osefukira, zamatenti amati nza azungu a zikwama kumsana aja amadzaza pa Kande ndi Chitimba.

Komabe kunena chilungamo ndi ana ang'ono ine ndi Chintheche yomweyo, bola osapita June kapena July mwera ukamaomba, tinayesapo tenti inatsala pang'ono kukatera ku Likoma. Anyamata akuti ulendo wina tikayese Matema, nyanja yomweyi koma mbali ya Tanzania kumene amaitcha Nyasa, madzi opanda mchere ndi chips mayai pamodzi. Madam akuti apita pokhapokha ndigule matiresi eni eni, aja opopa anaphwa usiku woyamba.